Kachitsamba aka ndi Lantana kapena Lippia?

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zomera zakutchire.

M'mphepete mwa dambo lomwe timadyetsako ng'ombe mwachuluka kachitsamba kena komwe dzina lake landizunguza mutu. Kamatalika mpaka m'chiuno. Nthambi zanthete zili ndi ngodya zinayi, zaubweya pang'ono, koma minga palibe. Masamba ndi okhakhala, a manomano ang'onoang'ono m'mbali, ndipo pamfundo zina atuluka awiri moyang'anana, pena atatu. Ukafikisa tsamba ndi zala limanunkhira ngati mandimu, fungo lake losachoka msanga m'manja.

Ndajambula n'kufufuza pa mapulogalamu a pafoni ozindikira zomera. Ina ikuti Lantana camara, ina Lippia javanica, ndipo ndikasintha chithunzi yankho limasinthanso. N'zosadabwitsa kwenikweni, poti zonsezi ndi za banja limodzi la Verbenaceae. Buku lomwe ndinabwereka likusiyanitsa potengera maluwa ndi zipatso, chonsecho panopa kalibe duwa ngakhale limodzi. Akuluakulu omwe ndawafunsa aliyense watchula dzina lakelake.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti Lantana camara imawononga chiwindi cha ng'ombe zikaidya. Ineyo ndikuganizira Lippia chifukwa cha fungolo ndi kusowa kwa minga, komabe mitundu ina ya Lantana nayo ilibe minga.

Ndiye kodi pali chizindikiro chodalirika pa tsamba kapena tsinde chosiyanitsira ziwirizi maluwa asanatuluke? Nanga ngati kudikira n'kosapeweka, nditenge ziwalo ziti, ndipo ndiziumitse bwanji kuti katswiri akathe kuzizindikira? Zikomo.