Mjigo wa ku madrasa: ndani agwire buku la ndalama?

Mlembi (Lilongwe): Assalamu alaikum nonse a kwathu ku Nkhotakota. Ndalama za mjigo wa pafupi ndi madrasa zafika theka la zomwe okumba atitchulira. Amayi a dawa, gulu lathu la amayi achisilamu, abwera ndi maganizo awiri. Akufuna kuti komiti ya mjigo itsogoleredwe ndi mayi, buku la ndalama likhalenso kwa iwo. Akufunanso tiitane amayi a Mothers' Union a ku Anglican tisonkhe limodzi, poti madziwo tidzamwa tonse. Lankhulani tisanapite kwa amfumu.

Malume a ku Joni: Wa alaikum salaam. Za a Anglican ndilibe nazo mawu, ambirife tinaphunzira pasukulu yawo. Koma enawo ayi. Ndalama zambiri zikuchokera kwa ife amuna amene tikukhetsa thukuta kunja kuno, ndiye osainira akhale ena? Amayi akhale m'komiti, chabwino, koma mpando ukhale kwa bambo monga mwa nthawi zonse.

Mayi a Saidi (kumudzi): Malume, ndi ulemu wonse, mwa nthawi zonsemo ndi momwe tinatayira mjigo wa kumsika. Chinawonongeka ndi karaba ka mkati, kotsika mtengo kuposa nkhuku. Amakaniki a m'dera anabwera, anatiuza mtengo, ndiye titafunsa ndalama zomwe khomo lililonse linkapereka pamwezi, komiti yonse inangoyang'anana. Buku kunalibe. Sindikunena kuti wina anaba, koma amene satunga madzi samva kuwawa mjigo ukafa. Ife tinabwerera kunyanja ndi zidebe, ndipo inali nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Maliro amenewo tinaphika ndife. Banki mkhonde yathu imagawana chaka chilichonse popanda kukangana, buku lake aliyense akhoza kuliona. Za nsaru ya maliro ndi chakudya cha odwala m'mwezi wa Ramadhan tikuyendetsanso tokha. Nanga mjigo ndiye utikanike?

Malume a ku Joni: Chemwali, banki mkhonde ndi ndalama zochepa. Apa pali mamiliyoni.

Mayi a Saidi: Ndiye tipatseni zochepazo mukhale ndi zambirizo, tione buku la ndani lidzawerengeke pakutha pa chaka.

Shehe: Ana anga, tiyeni pang'onopang'ono. Pali nkhani ina yomwe mukuidumpha. Ena mwatumiza ndalama n'kulemba kuti ndi zakaat. Zakaat, ija ya 2.5 pa 100 ya chuma chomwe chakwanitsa chaka, ili ndi eni ake: magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Surat Tawbah, ndime 60. Ma ulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri amati iperekedwe m'manja mwa wosaukayo, osati kukumbira chitsime cha mudzi wonse chomwe olemera adzamwanso. Mjigo tiukumbe ndi sadaka. Ndipo musaichepetse: Sa'd bin Ubadah, mmodzi wa otsatira a Mtumiki Muhammad, amayi ake atamwalira anafunsa Mtumiki, swalla Allahu alaihi wa sallam, kuti sadaka yabwino ndi iti, ndipo anauzidwa kuti ndi madzi. Anakumba chitsime m'dzina la amayi akewo. Choncho msungichuma alekanitse matumba awiriwa. Pa za mpando, sindikudziwa lamulo la chipembedzo loletsa mayi kusunga amana (chosungitsidwa) ya madzi. Chofunika n'chakuti wosungayo akhale wokhulupirika komanso wodziwa kulemba.

Mlongo wa ku Leicester: Shehe, Allah akulipireni. Ndiwonjezere kuti Zubaida, mkazi wa Harun al-Rashid, mfumu yachisilamu yakale ya ku Baghdad, ndi amene anakonzetsa zitsime ndi madamu m'njira ya ahaji yochokera ku Kufa kupita ku Makka, mpaka lero njirayo imatchedwa dzina lake. Koma chomwe chimandipweteka n'china. Kuno nthawi ya Ramadhan ophika, ogulitsa matikiti ndi oyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndi amayi, koma chithunzi cholandira cheke mumangoona ndevu zokhazokha. Tisatengere zimenezo kumudzi. Komanso malume, musati ndalama n'za amuna okha. Yomwe ndinatumiza ine ndinaipeza ndikusamalira okalamba usiku wonse.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ine langa ndi la theka lotsalalo. Mabungwe ngati Islamic Relief ndi Gift of the Givers amagwira ntchito m'Malawi muno, tikhoza kuwalembera. Koma tisapite chimanjamanja. Tikhale ndi malamulo a gulu olembedwa, akaunti ya kubanki, kalata ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), komanso a zamadzi a kwa DC adziwe. Tikalemba limodzi ndi amayi a tchalitchi komanso a mzikiti wa kumtunda, pempho lathu lidzalemera. Mizikiti iwiriyi ikhoza kusiyana pa za zikiri pamaliro, koma ludzu ndi limodzi.

Msungichuma (Blantyre): Chonde tisachedwe. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama zomwe tinasungira denga la madrasa zinangosungunuka tikuona. Za zakaat ndazimva, ndiwaimbira eni ake asankhe: zipite kwa amasiye kapena atumize ina ya sadaka. Bukuli ine ndili wokonzeka kulipereka, kuliyendetsa ndili ku Blantyre n'kovuta.

Malume a ku Joni: Mwandizinga. Chabwino, koma osainira akhale atatu, mmodzi akhale bambo, ndipo malisiti onse aziikidwa pagulu pano mwezi ndi mwezi.

Mayi a Saidi: Zimenezo tavomera, malisiti tidzajambula. Wachitatuyo atha kukhala mwana wanu yemwe uja, amadziwa masamu. Koma pali china. Mjigowu usakhale mkati mwa mpanda wa mzikiti monga ena akunenera. Anzathu achikhristu adzachita manyazi kulowa ndi zidebe, ndipo Lachisanu nthawi ya Jumu'ah palibe mayi angatunge pamaso pa abambo onsewo. Ukhale kunja, kufupi ndi msewu, kutali ndi zimbudzi za madrasa.

Mlembi: Malo amenewo ndi a banja la amfumu, ndiye tiyenera kukapempha. Mayi a Saidi, inu ndi amayi awiri a Mothers' Union mupite Loweruka, Shehe akuperekezeni. Za mpando tivota Lamlungu ikakwana 8 koloko madzulo, amene muli pa shifiti tumizani voti yanu kwa ine isanakwane nthawiyo.