Wogulitsa sopo ndi mafiliji akufunanji kumafilimu?

Nambewe_Chirimba

Abale ndithandizeni poti ine zamakompyutazi zimandidutsa. Loweruka tinali pa Chichiri ndi alamu anga tikudikira minibasi, iwo nkuloza Game amvekere mukudziwa kuti eni ake ndi Walmart ya ku America? Basi ayamba nkhani, eti Walmart ndi Amazon samwerana madzi, akulimbirana mpaka mafilimu a pa intaneti ndi chinthu china akuti cloud. Ine Amazon ndimaidziwa ngati shopu yooda katundu basi, msuweni wanga ali ku UK amagulako nsapato. Tsono wogulitsa sopo ndi mafiliji zamafilimu zikumukhudza pati? Kapena alamuwo amangondinamiza poti anali atalawako kkkk

WaIT_Ginnery

Achemwali alamu anu sananame ngakhale anali atalawa. Game ili pansi pa Massmart ya ku Joni, ndipo Walmart inagula 51% ya Massmart mu 2011, kenako 2022 inamaliza kugula yonse.

Za cloud tiyerekeze chonchi. Munthu wa holoselo ku Limbe katundu wamuchulukira, wamanga nyumba zosungiramo katundu mpaka wafika poidziwa ntchitoyo kuposa aliyense, alonda ali nawo, jenereta ilipo, ndiye waganiza zomanganso zina kuti anzake azichita lendi, aliyense azilipira molingana ndi malo omwe watenga. Amazon inachita zimenezo koma ndi makompyuta. Mu 2006 inatsegula AWS, kampani iliyonse m'malo mogula ma server ake, makompyuta akuluakulu osungira zinthu, nkumavutika ndi magetsi ndi ma aircon imangobwereka kwa iwo nkumalipira zomwe yagwiritsa ntchito. Chosangalatsa nchoti mbali ina yaikulu ya AWS yotchedwa EC2 anaikonzera ku Cape Town ku Africa konkuno, osati ku America.

Ndiye dola yeniyeni ili pamenepo. Mu 2024 phindu loposa theka la Amazon linachokera ku AWS, osati kogulitsa nsapato kwa msuweni wanuko. Tsono dziikeni m'malo mwa Walmart, mupite mukachite lendi kwa munthu yemwe akukulandani makasitomala, ndalama yanu yomweyo iye akatsitsire mitengo mushopu mwake? A Walmart anakana, mu 2018 anasaina mgwirizano wa zaka 5 ndi Microsoft, yomwe nayo imabwereketsa cloud. Koma Netflix ilibe nazo manyazi, inamaliza kusamukira pa AWS mu 2016 chonsecho Amazon yomweyo ili ndi Prime Video yomwe ikupikisana nayo. Masana akulimbirana anthu oonera, mwezi ukatha wina akukapereka lendi kwa mnzake.

Ndix4life

Kkkk akulu mwafotokoza bho koma zimenezo ndi za anthu okhuta. Ife kuno filimu timakabenetsa pa flash kwa anyamata a mumsika, yomasulira kale m'Chichewa, agogo nawonso akumva nkumaseka. Netflix yo inafika kuno 2016 inde koma muonera ndi bandulo iti, filimu imodzi yokha gigabyte yapita, pakati pa filimu magetsi thii. Ine ndinayesapo kulipira mwezi umodzi, kadi ya banki yanga inakana katatu, nditapita kukafunsa akuti forex bwana. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 ndinangozisiya. Azimenyana okha kumeneko.

Mayi_a_Tadala

Ine ndiyankhe za mafilimuzo poti a IT angozilambalala. Nambewe, mukagula tomato pa Limbe market mayi uja amakuikirani pulaizi pamwamba, mukuganiza kuti amakukondani? Akufuna mawa mubwerenso pa benchi yomweyo. Mafilimu kwa Amazon ndi banyira ameneyo. Ku America munthu amalipira Prime kuti katundu azimubweretsera pakhomo mwachangu, mafilimu ali momwemo, ndiye akakopeka ndi series sangasiye kulipira, ndipo poti walipira kale chilichonse azingoodanso komweko. Nchifukwa chake mu 2022 sanaone kuwawa kugula studio ya MGM, ija ya mkango wobangula koyambirira kwa filimu, pa madola pafupifupi 8.5 biliyoni.

Walmart nayo inayesa, inagula Vudu, kampani ya mafilimu a pa intaneti, mu 2010 koma 2020 inagulitsa. Pano inasiya zodzipangira, inangogwirizana ndi Paramount+, yomwe ili ngati Netflix, mu 2022 kuti mamembala a Walmart+, yomwe ili ngati Prime, azionera. Kenako 2024 inagula Vizio, kampani yopanga ma TV, pa madola 2.3 biliyoni. Pamenepo mpomwe ine ndinagwira pakamwa. Sikuti TV analibe zogulitsa ayi, akufuna malonda otsatsa omwe amatuluka pa sikirini, kuti poti akudziwa kale zomwe umagula mushopu mwawo, adziwenso zomwe umaonera pabalaza. Ine zimenezo sizindisangalatsa olo pang'ono, wa golosale wakwathu akudziwa ngongole yanga zakwana, asadziwenso nthawi yomwe ndimagona.

WaIT_Ginnery

Ndix aise usati sizikutikhudza. Iwe flash yako ili bho koma ife omwe timakonzera anthu ma website ndi ma system timalipira cloud yomweyo m'madola mwezi ndi mwezi, kwacha ikagwa bilu imakwera tisanakhudze kalikonse, ndipo kasitomala samva, amvekere mesa tinagwirizana kale mtengo. Chaka chatha ndinachita kupempha mnzanga wa ku Joni kuti andilipirire ndi kadi yake, apo ayi system ya kasitomala wina ikanazima mwezi ukutha, nthawi ya malipiro.

Chomwe chatithandizako pa mpikisanowu nchoti anabwera pafupi. Microsoft inatsegula ma data centre, nyumba zosungiramo makompyuta a cloud, ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, AWS ku Cape Town 2020, Google ku Johannesburg 2024, ndiye zinthu zimatseguka msangako kusiyana ndi kale pomwe chilichonse chimakazungulira ku Ulaya. Ndipo Amazon shopu yeniyeniyo inatsegula ku South Africa mu 2024, ikulimbana ndi Takealot, shopu ya pa intaneti ya komweko, ndiye anthu ooda katundu ku Joni pa basi mwina ayamba kale kuigwiritsa ntchito.

Ndix4life

Chabwino man ndamva, koma tsiku lomwe adzalole kulipira pa Mpamba kapena Airtel Money m'makwacha mudzandidzutse.

Nambewe_Chirimba

Zikomo nonse, nde kuti alamu aja ndikawapepese eti. Koma Mayi a Tadala mwandiopseza, TV yomwe tinagula mu Disembala ija ana anailumikiza ku hotspot ya foni yanga ndipo inafunsa zambirimbiri m'Chingerezi, Yamikani amangodina OK OK. A IT zimenezo zimabwezeka kapena ndingoichotsa pa intaneti?