EPC yatuluka F ntchito titamaliza kale, tilowere pati?

Wa ku Leicester: Akuluakulu thandizeni msanga. Nyumba ya lendi, terrace yakale ya solid wall (khoma lopanda mpata pakati), mkati muli ma panel heater. Ku loft (kudenga) tayala insulation ya wool yokhuthala 270mm, mababu onse ndi LED, koma EPC (satifiketi yosonyeza mmene nyumba imagwiritsira ntchito mphamvu) yabwera mapointi 36, gulu F. Lamulo la nyumba za lendi kuno ku England likufuna E, kuyambira 39. Mapointi atatu okha! Landilodi akufuna munthu alowe mwezi wamawa.

Wamagetsi: Ma heater amenewo ndi amene akukugwetsani. SAP, njira yowerengera mapointi a EPC, imayang'ana mtengo wotenthetsera nyumba, ndipo magetsi a masana ndi odula. Ikani ma high heat retention storage heater basi, aja osunga kutentha usiku magetsi ali otchipa.

Assessor (woyeza nyumba n'kupereka EPC): Musanagule kanthu achimwene, werengani mzere wa denga pa satifiketipo. Pakakhala mawu oti "assumed", ndiye kuti assessor mnzathu amene anayeza nyumbayo ku loft sanakwereko. Zikatero RdSAP, SAP ya nyumba zomangidwa kale, imangotengera zaka za nyumba, n'kuyesa kuti kumwambako kulibe chilichonse. Tsegulani hatch (kachitseko kolowera ku loft), muike makwerero, abwerenso adzazike rula mu insulation ndi kujambula. Kungomuuza pakamwa sikuwerengedwa.

Wapulasitala: Wina asakunamizeni zomata insulated plasterboard mkati mwa khomalo mothamanga. Njerwa zikazizira kuseri, chinyezi chimaunjikana kumapeto kwa ma joist (mitanda yolowa m'khoma), matabwa n'kuyamba kuwola osaoneka. Komanso ku loft, simunatseke mpweya ku ma eaves, m'mphepete mwa denga? Mukakankhira wool mpaka kumapeto, pofika Januwale felt ya pansi pa matailosi imayamba kudontha.

Wamagetsi: Ndanena kale, storage heater.

Assessor: Mita yake ndi yotani? Ikakhala ya single rate, mtengo umodzi usana ndi usiku, ma heater atsopanowo sapindula kanthu. Pakufunika Economy 7, ya magetsi otchipa usiku, ndipo kampani ya magetsi sisintha mita tsiku lomwelo.

Wamagetsi: Mita asinthe, koma mankhwala ake ndi omwewo. China, waya wa shawa mwaukwirira pansi pa 270mm? Umatentha umenewo, utulutseni ukhale pamwamba.

Wapulasitala: Landilodi adziwenso kuti malire a ndalama zimene lamulo limamukakamiza kuwononga ndi £3,500 kuphatikiza VAT. Akawononga ndalama zimenezo nyumba n'kukhalabe F, akalembetse pa PRS Exemptions Register (kaundula wa boma wa nyumba za lendi zololedwa kukhala pansi pa E), zimagwira zaka 5. Kulowetsa munthu popanda zimenezo chindapusa chimafika £5,000.

Wa ku Leicester: Hatch ija ndi yopentedwa, yamatirira. Ife wool tinalowetsera kudenga pokonza matailosi.

Wamagetsi: Ma heater alipo angati, ndikuwerengereni mtengo?