Mwana wa mchemwali wanga akufuna kujambulitsa mfuti pamkono, ndimuyankhe bwanji?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mchemwali wanga anakulira ku Texas, ndipo tsopano akufuna tatuu ya mfuti yokhala ndi chilembo cha 2A, chidule cha Second Amendment. Akuti akulemekeza ufulu wokhala ndi mfuti umene unalowa m'malamulo aakulu a dziko la America mu 1791. Anzake enanso anajambulitsa mzinga (mfuti yaikulu) ndi nyenyezi, chizindikiro cha nkhondo ya ku Gonzales, ku Texas komweko, ya mu 1835.

Mayi ake akana kwamtuwagalu, agwira pa Levitiko 19:28, vesi loletsa kudzicheka ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Mwanayo akuyankha kuti vesilo likunena za miyambo yolira maliro, komanso agogo ake anali ndi mphini kumaso koma ankadya mgonero ku CCAP. Apa ndiye ndasowa pogwira. Monga malume ndiyenera kulankhulapo, ngakhale ineyo chikundivuta kwambiri ndi mfutiyo, osati inkiyo.

Abusa ndi akulu ampingo, kodi lamulo la mu Levitikolo likutimangabe Akhristu? Abale achisilamu, ndimamva kuti kwanu tatuu yosafufutika ndi yoletsedwa, nanga amene anajambulitsa kale mumamulangiza chiyani? Inu okhala ku America, chithunzi chotere sichingamutsekere mwayi wa ntchito?