Malume anagwa pa chisankho, pano akufuna kulanda ambulansi. Ndiwauze bwanji?

A admin, ndibiseni dzina chonde.

Abale, ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene munayendetsapo kampeni. Malume anga anaimira uphungu pa chisankho cha pa 16 September 2025 m'dera lina la chigawo chapakati. Dera ndi chipani sinditchula. Anagwa, ndipo sanagwe pang'ono, anathera pa nambala 3. Anapambana ndi mayi wina woima payekha, yemwe malumewo anamugonjetsa pa mapulaimale.

Chikuwapweteka n'chakuti misonkhano yawo inkadzaza. Malole kututa anthu, amayi atavala zitenje za nkhope yawo, anyamata kuimba mpaka kusasa mawu. Maliro akagwa, bokosi linkachokera kwa iwo, ndi thumba la ufa pamwamba. Anagula ambulansi n'kulembapo dzina lawo mbali zonse ziwiri. Nyumba ya lendi ku tawuni inagulitsidwa, ife a mbumba yawo tinasonkha, ine mpaka ndinakongola ku banki mkhonde. Koma pa sukulu ya m'mudzi womwe anabadwira, mayi uja anawaposa mavoti. Mpaka lero amati anaberedwa, chonsecho mamonitala awo anasaina mapepala a zotsatira popanda dandaulo.

Pano akuti anthu akumudzi ndi osayamika. Akufuna akatenge ambulansi ija aigulitse, ndipo auza mayi anga kuti pa maliro a m'deramo asiya kufikapo. M'kamwa momwemo akutinso 2030 aimanso, tiyambe kukonzeka kusonkha.

Ine zina ndinaziona ndi maso anga. Msonkhano woitanitsa 10 koloko ankafika cha m'ma 4, agogo atapsa ndi dzuwa, iwo n'kutsika m'galimoto ya magalasi akuda osapepesa n'komwe. Tsiku lina ali pa nsanja anati, "Munthu wolephera banja angasamale dera?" Anyamata anakuwa kusekerera, koma amayi amene ndinakhala nawo pa mphasa anangoti zii, wina n'kumangokonza duku lake.

Ndiye ndifunse: kodi chimagwetsa munthu amene wawononga ndalama chonchi n'chiyani kwenikweni? Nanga ine mwana wa mlongo wawo ndingawauze bwanji popanda kuoneka wamwano? Amenewa ndi eni mbumba, ndi amene anandilipirira fizi.

Mphunzitsi wopuma: Mwanawe, yankho wadzipatsa wekha. Mawu a pa nsanja aja ndi amene anawamaliza. M'mudzi uliwonse muli amayi ambiri amene banja linatha, ena amuna anapita ku Joni osabwerako, ndipo akulera ana okha. Malume ako ankaganiza kuti akunyoza munthu mmodzi, pomwe ananyoza khamu lonse limene linali pa mphasa lija. Ndipo amene amalawirira pa mzere tsiku lovota ndi amayi. Anyamata okuwa aja ena alibe ngakhale chiphaso chovotera.

Mnyamata wa kabaza: Kkkkk gulu la pa msonkhano musamaliwerenge achemwali. Ineyo matisheti ndili nawo a zipani zitatu. Lole ikabwera timakwera, Fanta timamwa, ya sopo timalandira. M'kachipinda kovotera umalowamo wekha.

Amene anayendetsapo kampeni ya khansala: Ine ndikuona kuti nkhani inawonongekera pa mapulaimale. Fufuzani bwino: kodi anawina mwachilungamo, kapena mayina a nthumwi anasinthidwa usiku? Anthu akaona kuti amene amamufuna waponderezedwa, amamuuza kuti "imani panokha mayi, ife tili pambuyo panu." Si zachilendo kuno. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana 52, mu 2019 anafika 55 pa mipando 193, kufanana ndi chipani chachikulu chathunthu. Ambiri mwa anthu otere amakhala oti anadandaula ndi mapulaimale a zipani zawo. Ndiye kumbukirani kuti 50+1 ija, yoti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndi ya pulezidenti yekha. Pa uphungu, woposa mnzake ngakhale ndi voti imodzi watenga mpando. Chipani chikagawanika pawiri, wosankhidwa ndi akuluakulu ku likulu ndi amene amavulala.

Cholakwika china chimene ndimachiona kwa ma shadow (ofuna uphungu) ochokera m'tawuni: akawina mapulaimale amaiwala kupita kwa amene wagonja. Umafunika upite kunyumba kwake, ukhale pansi, umupepese ngati pali chopepesa, ma komiti ake uwalowetse mu kampeni yako. Malume anu anapitako? Ndikukayika.

Wolemba funso: Sanapiteko bambo. Anati wagonja wagonja basi. Za nthumwizo ndinamva madandaulo, koma nthawi imeneyo ndinkangoti ndi nsanje.

Mayi wa ku Dedza: Ambulansi asachotse! Chonde muwagwire mwendo. Kwathu wina anachita zomwezo, atagwa anatuma anyamata kukazula mpaka zitsulo za pa mjigo umene anakonzetsa. Atabweranso chisankho chotsatira, anthu ankangomufunsa kuti "zitsulo zija mwabwera nazo?" Ngati mafuta akuwalemera, akaipereke ku komiti ya chipatala chaching'ono cha m'deralo pamaso pa mafumu, afufute dzina lawo, aziisamala okha eni dera.

Wophunzira zamalamulo: Ndiwonjezere pang'ono. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Anthu amalinyozera chifukwa saona wina akulangidwa, koma lilipo. Ndipo ngakhale tisiye za lamulo, kugawa kumapanga adani. Mukapatsa anthu 20 m'mudzi wa anthu 300, amene mwawakwiyitsa ndi 280. Choipa kwambiri, ndalamazo zimadutsa m'manja mwa ma tcheyamani, ndipo imene yachoka kwa bwana si imene imafika pansi. Wosalandirayo sakwiyira tcheyamani, amakwiyira mwini nkhope ili pa chitenje.

Bambo wa ku Kasungu: Inu mukuchulutsa gaga m'diwa. Mu 2025 anthu anavota ndi mkwiyo wa mitengo ya zinthu, mafuta kusowa, feteleza kukwera. Mphepo ikatembenuka palibe chimene shadow angachite.

Amene anayendetsapo kampeni ya khansala: Achimwene, mphepoyo inalipodi, sindikukana. Mu 2020 a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse, atalonjeza ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu patsiku. Pofika 2025 anthu anawerengera malonjezowo ndi zimene zinali m'mbale, n'kubwezera a Mutharika. Phunziro lake ndi la wina aliyense woima: chimene walonjeza pa nsanja anthu amasunga. Koma mphepo yokha siyingafotokoze kuti munthu agonje pa sukulu ya m'mudzi mwake, kwa azibale ake enieni. Pamenepo pali china.

Agogo a pa Facebook: Chinacho ndi ichi: anthu amafuna kudziwa ngati umawadziwa. Bokosi la maliro lotumiza ndi dalaivala ndi losiyana ndi munthu wobwera yekha, kugona pa siwa, m'mawa n'kupita nawo kumanda. Mayi anapambanayo ndikhulupirira alibe ndalama ngati za malume ako, koma amadziwa kuti mwana wa uje akudwala, mlatho wa pakuti unakokoloka. Malume akowo anazunguliridwa ndi anthu odya nawo, ndipo wodya nawe sangakuuze kuti bwana zinthu sizili bwino, amaopa kutseka mpopi.

Za kawuzidwe, usapite wekha. Iwe ndi mwana, akuona ngati wayamba kukula mtima chifukwa unasonkhako. Uyambe wakhala pansi ndi mayi ako, poti mlongo amatha kunena zimene wina sanganene. Kenako mupeze munthu wamkulu amene malumewo amamuopa, kaya ndi abusa, kaya mnzawo wakale amene sanadyepo kobiri lawo. Musakayambe ndi "munalakwitsa". Mukapemphe kuti atenge mapepala a zotsatira za malo onse ovotera, muwerenge nawo limodzi, malo ndi malo. Akaona okha kuti kumene anagawa kwambiri si kumene anapeza mavoti ambiri, ayamba kufunsa mafunso okha.

Mlongo wa ku Johannesburg: Ndipo za kusonkhanso 2030 ukane mwaulemu mpaka utabweza ya banki mkhonde. Uwauze kuti udzathandiza ndi miyendo, osati thumba.

Wolemba funso: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mayi pa foni, avomera kuti apita okha kaye kumapeto a sabata ino, nkhani ya ambulansi ndiye yoyamba chifukwa wogula wapezeka kale. Mapepala a zotsatira ali ndi amene anali mkulu wa mamonitala, ndiwapempha. Funso lina kwa bambo a kampeni aja: kupita kukayamikira mayi anapambanayo panopa, miyezi yonseyi itadutsa, kungathandize kapena anthu aziti akufuna kudya nawo?