Thandizeni, ndikufuna pikapu ya malemu bambo iziyendera batire

Abale ndipatseni nzeru. Ndili ndi Nissan 1400 yomwe anandisiyira malemu bambo, bodi ili bwinobwino koma injini inafa chaka chatha, yangokhala pansi pa mtengo wamango matayala ataphwa, zoigulitsa ngati sikirapu mtima ukukana. Ndaganiza zoikamo mota ndi batire ya galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yochita ngozi, ija ya 24 kWh. Giyabokosi ndisiye yomweyi ndingosulitsa pleti yolumikizira mota, kapena ndichotseretu? Nanga mabuleki poti vakyumu yothandizira kuponda mabuleki imachokera ku injini, kapampu kamagetsi kamakwanira? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kulemera, batire ija ndi pafupifupi makilo 300, masipuling'i angapirire nditakwezanso matumba a chimanga? Ulendo wanga ndi wakumunda basi. Amene munayesapo chonde ndiuzeni munayambira pati.