Gulu la pa WhatsApp: Zaka 80 za Bambo

Lachisanu

19:42 Achimwene a ku Joni: Mwaswera bwanji nonse. Ndatsegula gulu lapadera chifukwa m'gulu lalikulu lija muli Mayi, ndipo mukuwadziwa, sangagone ndi nkhani osawauza Bambo. Za zaka 80 zija ine ndikuti tisangopha mbuzi pakhomo monga mwa masiku onse. Tiwatenge akuluakulu awiriwa tikawagoneke ku hotela yokhala ndi bwalo la gofu, Bambo akamenyeko mpira.

19:44 Mzime wa ku Ulongwe: Gofu? Achimwene, bondo la Bambo lija mwaliiwala?

19:45 Achimwene a ku Joni: Dikira ndimalize iwe. Malo amene ndawaona ndi Leopard Rock, ku mapiri a Vumba kumtunda kwa Mutare ku Zimbabwe. Maenje 18, nkhalango mbali zonse, nyumba yake ya nsanja ngati yachifumu. Mu 1953 kunafika amayi ake a Mfumukazi Elizabeth ndi Princess Margaret. Onani zithunzi.

19:51 Alamu a ku Moatize: Malo ndi okongola alamu, sindikukana. Koma woyendetsa galimoto ndine, ndiye ndiwerenge msewu. Kuchoka ku Ulongwe mpaka pa Mussacama, kutsikira kuno ku Moatize, kuwoloka Zambezi, kenako Changara, Guro, Catandica, Vanduzi, Manica, n'kukadinditsa pa Machipanda. Pamenepo Mutare musanafike n'komwe, phiri la Vumba musanalikwere. Munthu wa zaka 80 akatsika m'galimoto imeneyo akufuna bedi, osati ndodo.

19:53 Azakhali a ku Tsangano: Ndiye kumeneko akuti n'kwa nkhungu ndi chisanu. Ife chisanu tikachigulirenso ndi madola? Bwerani kuno kwathu mudzachitenge chaulere.

19:54 Mdzukulu wa ku Beira: 😂😂 agogo aakazi mwayamba

20:20 Malume a ku Domwe: Ndawerenga zonse. Ana inu ndikufunseni. Ndalama yogona usiku umodzi pamalo otere ndi matumba angati a feteleza? Alamu angawo akusowa malata pa khola la ng'ombe. Mukawafunsa eni ake kuti tikugulireni malata kapena mukathamangitse kampira m'kapinga, mukuganiza ayankha chiyani? Ine sindikuletsa, koma walira mvula walira matope.

20:26 Achemwali a ku Moatize: Malume, adzayankha malata, tonse tikudziwa. N'chifukwa chake sitikuwafunsa. Malatawo ndi ine ndi bambo a kunyumba kuno, tigula mvula isanagwe, muwachotse pa nkhani ino.

20:41 Azakhali a ku Tsangano: Alamu a ku Domwe, lolani ndinene zimene ana enawa sanazione. Mu 1986 nkhondo itafika povuta tinathawa tonse kuwolokera ku Dedza. Ife tinakhala pamenepo kudikira ufa ndi nandolo za chithandizo, koma achimwene anakana kukhala manja lende, anapita m'tauni kukasaka ganyu. Anaipeza pa kalabu ina ya gofu. Ntchito yawo inali ya kapinga. Ankadzuka nkhuku zisanalire kukathirira, kutchetcha paja pali mbendera mpaka pasalale, kusalaza mchenga ndi chipalo, kusuntha dzenje likayamba kuperepeseka m'mbali. Loweruka ankanyamula zikwama za osewera, amati kadi. Phewa lakumanja linachita chikanga chakuda, ine ndinkaliona akamasamba m'manja atavula malaya. Ndalama imeneyo ndi imene inaphunzitsa wa ku Joniyu. Ndipo zaka zonsezo mpaka tinabwerera kwathu mtendere wa 1992 utasainidwa, sanaloledwe kumenya mpira pabwalopo ngakhale kamodzi. Antchito sankasewera. Anasema ndodo yawo ya mtengo wa gwafa, madzulo n'kumamenya timipira totola kuseri kwa nyumba za antchito.

20:43 Mzime wa ku Ulongwe: Timipira timeneto tilipo mpaka lero! Tili m'chitini cha mkaka m'sutikesi ya pansi pa bedi. Tasanduka tachikasu, kena n'kong'aluka. Mwana wanga anatulutsa kamodzi kuti azisewera, anakalipiridwa tsiku lonse.

20:44 Achimwene a ku Joni: Mwamva malume? Ine chimene ndikufuna n'chimodzi basi. Bambo ayende pakapinga manja ali m'thumba, chikwama anyamule wina.

20:58 Malume a ku Domwe: Hmm. Za ndodo ya gwafa sindinkazidziwa. Pitirizani tione.

Loweruka

06:35 Mdzukulu wa ku Beira: Mwadzuka bwanji makolo. Usiku ndafufuza malo apafupi. Ku Malawi alipo awiri. Ena ndi Game Haven ku Bvumbwe, pa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo. Maenje 9, ndipo bwalo lake lili m'malo osungira nyama, muli mbidzi, akadyamsonga ndi agwape. Kumeneko n'kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza. Ena ndi Makokola Retreat, imene akuluakulu amaidziwa kuti Club Makokola, m'mbali mwa nyanja pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Bwalo lake amalitcha Mlambe, maenje 9, onse par 3. Pali damu losambiramo, malo osisita thupi, maboti, ngakhale bwalo la ndege zing'onozing'ono.

06:40 Azakhali a ku Tsangano: Par 3 ndiye chiyani mdzukulu? Lankhula zomveka.

06:46 Mdzukulu wa ku Beira: Pepani agogo. Dzenje lililonse lili ndi nambala yake, kusonyeza kuti katswiri ayenera kumenya kangati kuti mpira ulowe. Par 3 ndi katatu, kutanthauza kuti mtunda wake ndi waufupi. Pa bwalo lalikulu pamakhala ena a 4 ndi a 5, ataliatali, ndipo kuzungulira maenje 18 kumadya maola anayi kapena kuposa. Awa 9 aafupiwa munthu amamaliza dzuwa lisanawawe.

06:49 Mzime wa ku Ulongwe: Pamenepo ndiye bondo lingalole. Ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa, azakhali, osati kwambiri. Bambo amatiuza tikamakazinga chimanga, amati m'chikwama simuloledwa ndodo zoposa 14, ndipo kadzenje kake n'ka masentimita 11 osakwana bwino. Amachita kukayerekeza ndi kukamwa kwa kapu yawo ya tiyi ija.

07:02 Alamu a ku Moatize: Ine ndavotera kunyanja. Kwa ife a kuno ku Moatize, Bvumbwe ndi pafupi, koma eni phwando ali ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndidzagona ku Ulongwe, m'mawa tidinditse pa Calomue, tidutse Dedza, titsike msewu wokhotakhota wa ku Golomoti uja, nkhomaliro tikadyera kunyanja. Pachipata ndidzafunika chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi ya ku Malawi, zimenezo n'zanga. Koma Mayi mudzawakhazike kutsogolo, pa phiri la Golomoti paja anthu amachita nseru.

07:05 Achimwene a ku Joni: Koma abale, maenje 9 aafupi? Ine ndimafuna Bambo aone bwalo lenileni.

07:09 Achemwali a ku Moatize: Achimwene, bwalo lenileni analiona zaka zonse zija, analitchetcha ndi manja awo. Ndiponso mukuiwala Mayi. Ku Vumba azikachita chiyani pamene amuna awo ali m'kapinga? Mayi anakhala ku Dedza zaka zonse za nkhondo, nyanja ili pansi pa phiri pomwepo, koma sanaipondepo. Chambo amachidziwa chouma cha pamsika.

07:10 Achimwene a ku Joni: Chabwino, mwandigonjetsa. Kunyanja.

07:31 Azakhali a ku Tsangano: Tsono zosisita thupizo ndamva. Ndiye kuti munthu wosamudziwa akugwiregwire msana, iwe n'kumulipiranso? Alamu angawo sangavomere. Ine ndingayeseko mapazi okha, poti akumba mbatata chaka chonse.

07:33 Mdzukulu wa ku Beira: Ndiye kuti mukupita nawo agogo 😄

07:34 Azakhali a ku Tsangano: Nanga mlongo wanga akamenye mpira ine ndili ku Tsangano? Ndani anamuchapira malaya a ukadi aja?

08:15 Achemwali a ku Moatize: Tsopano ndilankhule za ntchito yanga. Kunyanja n'kotentha ndipo kuli udzudzu, ife a kumtunda malungo akatigwira amatigwetsa. Aliyense agone m'neti, madzulo malaya a manja aatali. Ana asambe m'damu la pahotela, asakalowe m'mabango, kuopa likodzo. Mankhwala a BP a Bambo ndidzanyamula ndekha. Gofuyo akasewere m'mawa kwambiri, chipewa kumutu, botolo la madzi lili ndi kadi.

08:22 Malume a ku Domwe: Tsiku lake liti? Ine ndikanakonda 4 Okutobala, tsiku la mtendere wa ku Roma, poti ndi limene linatibweza kwathu.

08:27 Achemwali a ku Moatize: Maganizo abwino malume, koma Okutobala kunyanja ndi ng'anjo. Juni ndi Julayi nakonso kumawomba mwera, boti silingayende bwino, pamene ine ndikufuna Mayi akwere akaone nkhwazi ikutola nsomba pamadzi. Titenge holide ya 7 Sepitembala. Mphepo imakhala itachepa, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo a pantchito sitivutika kupempha masiku.

08:29 Mzime wa ku Ulongwe: Kwa ine zili bwino. Vuto ndi mapasipoti. Ya Bambo ikugwira, ya Mayi inatha chaka chatha. Ndiyenera kuwatengera ku Migração, ofesi ya mapasipoti, ku Tete. Ndiwauze kuti tikukonzeranji?

08:31 Achimwene a ku Joni: Uwauze kuti ndi ya ukwati wa ku Ntcheu uja.

08:32 Mzime wa ku Ulongwe: Achimwene, ndinamize Mayi ine? Akangondiyang'ana kawiri ndiulula zonse.

08:36 Azakhali a ku Tsangano: Musiyeni mwanayo. Ndiwauza ndine, amayi anu ndimawadziwa powagwira. Ndikawalonjeza nsalu yatsopano ya paulendo atseka pakamwa.

12:50 Achimwene a ku Joni: Za ndalama tsopano, poti malume anafunsa zoona. Tonse sitingagone pamenepo, tisadzinamize. Zipinda zitatu kwa masiku awiri: Bambo ndi Mayi, azakhali ndi achemwali, malume ndi alamu. Ife otsala ndi ana tipeze malo otsika mtengo cha ku Mangochi kapena Monkey Bay, tizibwera masana. Mdzukulu, ulembere ku hotelako ufunse mtengo wa chipinda ndi chakudya chomwe, ndalama yolowera pabwalo, yobwereka ndodo, ya kadi, ya boti, komanso ngati alendo a masana amaloledwa kudya nawo. Ufunsenso ngati angatiphikire nsima ndi chambo, Bambo mpunga amati ndi kadzutsa.

12:54 Mdzukulu wa ku Beira: Ndalemba zonse. Ndifunsanso za zovala, malo ambiri a gofu amafuna malaya a kolala, jinzi ndi mapatapata amakana.

12:58 Achimwene a ku Joni: Malaya ndi nsapato ndigula kuno. Zipinda ndilipira pa khadi, inu muzisonkha kwa achemwali pa M-Pesa kapena e-Mola. Tiyambe ndi 3,000 metikali pamwezi aliyense wa pantchito, mtengo ukabwera tidzaona ngati tiwonjezere. Malume ndi azakhali ayi.

13:20 Malume a ku Domwe: Ayi bwanji? Mukufuna ndikadye za ana ngati mlendo? Ndigulitsa matumba awiri a nyemba, mafuta a galimoto ndi anga. Ndipo kadi ameneyo adzamulipire alamu anga ndi dzanja lawo. Ndalama ndiwapatsa ine m'galimoto, yokwanira bwino, osati zochititsa manyazi.

13:22 Achemwali a ku Moatize: Zikomo malume 🙏🏾

13:40 Alamu a ku Moatize: Nanga adzasewera ndi ndani? Munthu sangazungulire yekha. Ine ndinangoonera pa TV.

13:42 Achimwene a ku Joni: Ine ndi inu alamu. Adzatiphunzitsa okha, ndipo konzekani kukalipiridwa.

13:47 Mzime wa ku Ulongwe: Dikirani kaye. Bambo ndi amanzere! Khasu, nkhwangwa, supuni, zonse kumanzere. Ndodo zobwereka zija zigwira?

13:49 Mdzukulu wa ku Beira: Eee, sizigwira. Za amanzere mutu wake umayang'ana mbali inayo, ndipo si paliponse pamene amasunga zobwereketsa. Ndiwonjezera pa mafunso aja.

13:51 Azakhali a ku Tsangano: Ya gwafa ija anaisemeranso chakumanzere, ndakumbuka.

13:56 Achimwene a ku Joni: Tisadalire zobwereka. Kuno zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka, ndiyamba kufunsa Lolemba. Pa maenje aafupi 14 zonse sizifunika, zinayi kapena zisanu zikwana. Ndizikweza basi ya ku Malawi imene imadzera Nyamapanda, alamu mudzazilandire pa Tete. Mzime, undiyezere Bambo kutalika ndi nambala ya nsapato, koma mochenjera.

13:58 Mzime wa ku Ulongwe: Nsapato ndiona pa za ku tchalitchi zija mawa akavula. Kutalika ndiye ndiwayeza bwanji osandifunsa?

14:01 Alamu a ku Moatize: Ukawaimike pa chitseko cha kukhitchini, uone pamene mutu walekeza, akachoka uyeze chitsekocho.